Mbewu ya nkhalango ya pansi pa madzi

## Lipenga pa khonde

Ndinabwerako ku Cape Town kumayambiriro kwa Januwale, mvula itakhazikika kale mu Lilongwe ndipo chimanga cha m'mbali mwa misewu ya ku Area 25 chitafika m'mawondo. Amayi anali atabwera kuchokera kumudzi ku Mitundu kudzandichingamira komanso kudzamva za mwana wawo wamkazi, achemwali anga, amene akhala akugwira ntchito ku South Africa kwa zaka zambiri. Titatha kugawana zimene achemwaliwo anatumiza, ndinatulutsa m'chikwama chinthu chimene ndinadzigulira ndekha kwa munthu wina wogulitsa zosemasema kufupi ndi gombe. Linali lipenga lakuda, lalitali ngati mkono wanga, lopindika pang'ono ndiponso lopepuka kwambiri, lopangidwa ndi phesi louma la chomera cha m'nyanja yamchere chotchedwa kelp.

Amayi analilandira ndi manja awiri, nalitembenuza kangapo, nalinunkhiza, kenaka analikanda ndi chikhadabo monga amachitira ndi phesi la chimanga pofuna kudziwa ngati lauma. Ndinawafotokozera zimene ndinaona: kuti chomerachi chimakhala nkhalango yathunthu pansi pa madzi, kuti chimatalika kuposa mtengo wa mango wa pakhomo pathu, ndiponso kuti chilibe mizu, maluwa kapena zipatso. Iwo anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa modekha kuti, "Ngati chilibe maluwa, mwanangu, nanga mbewu yake imakhala pati? Chachikulucho wachiona, koma chaching'ono chake unachiona?"

Ndinakhala chete, chifukwa ndinaima pa gombe lija nthawi yaitali ndikuyang'ana nkhalangoyo, koma funso limeneli silinandibwerere. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akusankha mbewu, kuiyanika, kuisunga ndi kuibzala sakhutira ndi kukula kwa chomera, amafuna kudziwa chiyambi chake. Funsolo linanditsatira miyezi isanu ndi umodzi, ndipo zimene ndinapeza poliyankha zinasintha kamvedwe kanga ka zinthu ziwiri zimene ndinkayesa kuti ndimazidziwa kuyambira ndili mwana, kutentha ndi kuwala.

## Madzi ozizira pa tsiku lotentha

Tsiku limene ndinaona kelp koyamba linali la m'kati mwa Disembala, pa gombe la Kommetjie, kumwera kwa mzinda wa Cape Town. Dzuwa linkaswa mtengo ngati la kwathu kuno mu Okutobala, ndipo mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa inkaulutsa mchenga. Munthu amene nyanja yake yoidziwa ndi ya ku Senga Bay amayembekezera kuti kukatentha chonchi madzi akhala ofunda. Nditaponda m'madzimo, miyendo inachita dzanzi pasanathe mphindi imodzi. Patsogolo panga, kuseri kwa miyala, timitu takuda tambirimbiri tinkamira ndi kuyandama motsatira mafunde, moti poyamba ndinayesa nyama. Alamu anga anandiuza kuti imeneyo ndi mitu ya kelp, ndipo kuti nkhalango yeniyeniyo ili pansi pake.

Mtundu umenewu dzina lake la sayansi ndi Ecklonia maxima. Ngakhale amaoneka ngati mtengo, kelp ali m'gulu la ndere. Kumunsi kwake kuli chogwirira chooneka ngati mizu yolukanalukana, koma ntchito yake ndi kumatirira pa thanthwe basi, sichiyamwa chakudya. Kuchokera pamenepo pamatuluka phesi lamphako lomwe limatha kupitirira mamita 10, ndipo kumtunda limatupa ngati chipanda chodzaza mpweya, chimene chimanyamula masamba kuti afike pamwamba pamene pali dzuwa. Chakudya chonse amachiyamwa m'madzi kudzera pa thupi lake.

Kuzizira kwa madziwo kumachokera ku mphepo ija inkaulutsa mchenga. Ikamaomba motsatira gombe m'nyengo yotentha, imasuntha madzi a pamwamba, ndipo chifukwa cha kuzungulira kwa dziko madziwo amapatukira kutali ndi mtunda. Malo awo amalowedwa ndi madzi ochokera pansi, ozizira mpaka madigiri 10 kapena 12, odzaza ndi michere ya nayitrojeni imene inadikha kumeneko kuchokera ku zamoyo zowola. Izi zimachitika m'gombe lonse la madzi oyenda a Benguela, kuyambira ku Cape mpaka ku Namibia. Choncho kelp wa kumeneko amalandira dzuwa lamphamvu kuchokera kumwamba ndi feteleza wozizira kuchokera pansi pa nyengo imodzimodzi. Kumene zinthu ziwirizi zakumana bwino, kakulidwe kake n'kodabwitsa. Kelp wamkulu kuposa onse, Macrocystis pyrifera, wa ku California ndi ku Chile, amatha kutalika masentimita 60 pa tsiku limodzi, n'kufika mamita 45.

## Kumene mbewu imabisala

Yankho la funso la amayi ndi lakuti kelp ali ndi mibadwo iwiri yosafanana ngakhale pang'ono, ndipo imaberekana mosinthana. M'badwo woyamba ndi waukulu uja ndinauona ku Kommetjie, umene akatswiri amautcha sporophyte. Nyengo yake ikakwana, pa masamba ake pamaoneka zigamba zoderapo ndi zokhuthala pang'ono, ndipo m'zigambamo mumatuluka timbewu mamiliyoni ochuluka tosaoneka ndi maso. Amene anasiyapo bowa pa mbale usiku wonse n'kupeza kaufa pansi pake m'mawa angamvetse zimene ndikunena, kungoti timbewu ta kelp tili ndi timichira tiwiri ndipo timasambira. Timasambira kwa maola angapo, mwina tsiku limodzi kapena awiri, kenaka timamatirira pa thanthwe.

Kambewu kameneka sikamera kukhala kelp wamkulu ayi. Kamamera kukhala kachomera kena kooneka ngati kaulusi, ka maselo owerengeka, kamene munthu sangakaone popanda maikulosikopu. Theka la tizomerati limakhala tatimuna, theka linalo tatikazi, ndipo m'badwo wachiwiri umenewu ndi umene umatchedwa gametophyte. Kakakazi kamapanga dzira, kakamuna kamapanga umuna wosambira, ndipo ziwirizi zikakumana m'pamene pamayambika kelp wamkulu, akukula ali pomwepo pamene panali mayi wake. Tikanena mwa chibale, kelp sabereka mwana wofanana naye. Amabereka kaulusi, ndipo amene amadzafanana naye ndi mdzukulu.

Anthu a m'mphepete mwa nyanja za ku Ulaya ndi ku Japan anakolola kelp kwa zaka mazanamazana osadziwa zimenezi. Mu 1811 Bernard Courtois wa ku France anapeza ayodini, yemwe lero timamudya mu mchere wathu, m'phulusa la ndere za m'nyanja, koma m'badwo wobisikawu unadikira mpaka 1915, pamene Camille Sauvageau, nayenso wa ku France, anauonetsa poyera. Sindidabwa kuti zinatenga nthawi chonchi, pakuti palibe amene akanaganiza kuti kaulusi ka pa mwala ndi chimphona cha mamita ambiri ndi chamoyo chimodzi.

Pali kachinthu kena pa kukumana kwa dzira ndi umuna kamene ndinakawerenga kangapo chifukwa cha kukoma kwake. Kakakazi sikatulutsa dzira masana. Kamadikira mdima, ndipo mazira ambiri amatuluka m'mphindi zoyambirira kuwala kukangozima. Dziralo likatuluka limamwaza m'madzi mankhwala otchedwa lamoxirene, amene amachititsa tatimuna toyandikira kutulutsa umuna nthawi yomweyo, ndipo umunawo umatsata fungolo mpaka kufika pa dzira. Koma kuitana kumeneku kumangomveka pa mtunda wa pafupifupi milimita imodzi. Ndiye kuti timbewu tija tiyenera kugwera pa thanthwe mothithikana, apo ayi kakamuna ndi kakakazi sizidzapezana. Nkhalango ikapepuka kwambiri, timbewu take timamwazikana motalikirana, ndipo kubereka kumavuta ngakhale kuti makolo otsalawo ali athanzi.

## Kuwala kwa buluu

Ife a kumtunda timangoti dzuwa lawala kapena kwachita mitambo. Pansi pa madzi nkhani si kuchuluka kwa kuwala kokha komanso mtundu wake, chifukwa madzi amasefa mitundu imene timaiona mu utawaleza. Kuwala kofiira kumathera m'mamita ochepa oyambirira, pamene kwa buluu ndi kobiriwira kumatsika kutali. Kelp ali ndi utoto wobiriwira womwewo umene uli m'masamba a chimanga, koma pamwamba pake ali ndi wina woderako wotchedwa fucoxanthin, umene umakola kuwala kotsika kutali kuja, ndipo ndi umene umamupatsa mtundu wa bulawuni. Ngakhale ali ndi chida chimenechi, ali ndi malire. Nkhalango imalekera pamene kuwala kotsala kwafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a kuwala kwa pamwamba. M'madzi a matope malirewo amafika pa mamita ochepa chabe, pamene m'madzi oyera amafika pa mamita 30 kapena kupitirira.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi zimene akatswiri awiri, Klaus Lüning wa ku chilumba cha Helgoland ku Germany ndi Matthew Dring, anafalitsa mu 1972. Analera tizomera tatikazi ta mtundu umene lero umatchedwa Saccharina latissima pansi pa nyali zamitundu yosiyana. Timene tinali pansi pa kuwala kofiira tinakula bwinobwino, maselo akugawikana ndi kuchita nthambi, koma sitinapange dzira. Titapatsidwa kuwala kwa buluu, tinasiya kuchita nthambi n'kuyamba kubereka. Pamene kuwala, kuzizira ndi michere zili bwino, kakakazi kamatha kupanga dzira pasanathe milungu iwiri kakadali ka selo imodzi kapena ochepa. Pamene zinthu sizili bwino, kamangokhala, ndipo kamatha kupirira miyezi yambiri ngakhale mu mdima weniweni.

Mmene ndikumvera ine, kuwala kwa buluu ndi uthenga. Madzi a matope ndi a zinyalala zosungunuka amameza buluu msanga, ndipo denga la masamba a makolo limatchinga mbali yaikulu ya kuwala konse. Buluu akafika pa thanthwe, ndiye kuti madzi ayera ndipo pamwamba patseguka, choncho mwana wobadwa tsopano apeza dzuwa lomukwanira. Ku Cape, namondwe wa m'nyengo yozizira, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, amazula kelp wamkulu wambiri n'kumuunjika pa gombe, ndipo mapesi a malipenga ngati langa amatoledwa m'milu imeneyo. Malo amene atsegukawo sakhalitsa opanda kanthu, chifukwa ana amene anali kudikira mu mthunzi amakula mofulumira. Komabe kuwala kukachuluka mopitirira muyeso, monga m'madzi osaya masana, kumawotcha tizomera tating'onoti, ndipo mthunzi wa makolo umene umatichedwetsa ndi womwewonso umene umatiteteza.

Masiku ano olera mbande za kelp amagwiritsa ntchito nzeru imeneyi. Amasunga tizomerati m'mabotolo pansi pa nyali zofiira m'chipinda chozizira kwa zaka zambiri, ndipo akafuna mbande amangosintha nyali. Nkhokwe yawo ya mbewu ndi kuwala kofiira.

## Chomera chowerenga masiku

Mlimi aliyense wa soya kuno ku Lilongwe amadziwa kuti akachedwa kubzala mpaka kumapeto kwa Januwale, soyayo amachita maluwa akadali wamfupi ndipo zokolola zimachepa. Chifukwa chake n'chakuti soya amawerenga kutalika kwa usiku, ndipo masiku akayamba kufupika amathamangira kubereka. Kuno kusiyana kwake n'kochepa, usana wa maola pafupifupi 13 mu Disembala ndi wa maola 11 ndi mphindi zochepa mu Juni, koma soya amakumva. Mitundu yambiri ya kelp imakhala kumene kusiyanaku n'kwakukulu zedi, ndipo imadalira kalendala imeneyi kuposa soya.

Ku magombe a Norway ndi Scotland kuli mtundu wotchedwa Laminaria hyperborea. Tsamba lake latsopano limayamba kutuluka pakati pa nyengo yozizira, usana uli waufupi kwambiri, limakula mwamphamvu m'miyezi yotsatira, ndipo limasiya kukula nyengo yotentha ikafika, dzuwa lili lochuluka kuposa nthawi ina iliyonse. Nditawerenga koyamba ndinayesa kuti ndasokoneza miyezi. Koma kumeneko michere imachuluka m'madzi m'nyengo yozizira, pamene namondwe amavundula nyanja, ndipo imatha m'nyengo yotentha, tizomera toyandama tikaidya. Dzuwa ndi michere zimabwera pa nyengo zosiyana. Choncho kelp amakolola dzuwa m'chilimwe, n'kulisunga m'thupi ngati shuga wa mitundu iwiri, laminarin ndi mannitol, ndipo amadzatapa m'nkhokwe imeneyi kuti amange tsamba pamene michere yabwera. Chimene chimamuuza kuti nthawi yakwana ndi kufupika kwa usana.

Kumpoto kwa Alaska nkhaniyi imafika pamapeto pake. Mtundu wa Laminaria solidungula umakhala pansi pa madzi oundana kwa miyezi yambiri ya chaka, ndipo mbali yaikulu ya kukula kwake imachitika mu mdima umenewo, ndi shuga amene unasunga m'milungu yochepa ya dzuwa.

## Madigiri ochepa chabe

Pa kutentha ndi pamene ndinayenera kusiya maganizo amene ndinakula nawo. Kwa ife, malinga ngati madzi alipo, kufunda kumafulumizitsa mbewu, ndipo n'chifukwa chake chimanga cha kudimba chimachedwa mu Juni n'kuthamanga mu Seputembala. Kwa kelp kufunda kumabweretsa mavuto awiri pamodzi. Loyamba ndi lakuti thupi lake limayamba kudya shuga mofulumira kuposa mmene masamba akumupangira, makamaka ngati kuwala n'kochepa. Lachiwiri ndi lakuti madzi ofunda ndi opepuka, amayandama pamwamba pa ozizira ngati chivundikiro, ndipo michere ya pansi imalephera kukwera. Kumwera kwa California, madzi akafunda kupitirira pafupifupi madigiri 15, nayitrojeni amakhala atatsala pang'ono kutheratu. Kelp wa m'madzi ofunda amafooka ndi kutentha komanso ndi njala.

Tikatenga mtundu wa Laminaria digitata wa ku Ulaya, umakula bwino pakati pa madigiri 10 ndi 15, kubereka kwake kumayamba kulephera cha m'ma 18, ndipo imfa imabwera cha m'ma 22 kapena 23. Manambala amenewa ndinawayang'ana nthawi yaitali. Pakati pa 18 ndi 22 pali mpata umene chomera chimakhala chamoyo, chooneka bwino kwa munthu woima pa gombe, koma chitasiya kubereka. Tizomera tobisika tija timapirira kutentha kuposa makolo awo, komabe natonso timafuna madzi ozizira kuti tipange mazira, ndipo kukafunda timangodikira. Nkhalango ingathe kuoneka yathunthu kwa zaka zingapo pamene ana ake analeka kubadwa kalekale.

Manambala omwewa amayankhanso funso limene mwana wanga anandifunsa, loti bwanji osakabzala kelp ku Salima. Kupatula kuti nyanja yathu si yamchere, madzi ake a pamwamba amasinthasintha pakati pa madigiri 24 ndi 29, ndipo ngakhale a pansi penipeni, pa mamita pafupifupi 700, amakhala cha m'ma 22 kapena 23. Pamene nyanja yathu yazizira kwambiri ndi pamene kelp wa ku Ulaya amafera. Kumadera otentha kelp amangopezeka pamene madzi ozizira a pansi akumana ndi madzi oyera olola kuwala kutsika, monga m'madzi akuya a ku zilumba za Galápagos.

Zimene zachitika m'zaka zaposachedwa zikutsatira ndondomeko imeneyi. Kum'mawa kwa Tasmania, madzi ofunda ndi osowa michere ochokera kumpoto akhala akutsikira kumwera mwamphamvu kuposa kale, ndipo pafupifupi magawo 95 mwa 100 a nkhalango za Macrocystis anatha, moti mu 2012 boma la Australia linaziika m'gulu la zachilengedwe zimene zili pangozi. Kumadzulo kwa Australia, nyanja inatentha modabwitsa kwa milungu ingapo mu 2011, ndipo malire a kumpoto a nkhalango anabwerera m'mbuyo makilomita pafupifupi 100. Madzi atazizira nkhalangoyo sinabwerere, chifukwa tindere tatifupi tinali titaphimba matanthwe ndipo nsomba zodya zomera zochokera kumadzi ofunda zinkabudula mbande iliyonse. Kumpoto kwa California, kuyambira 2014, kutentha kwa nyanja kunakumana ndi matenda amene anapha nyama zooneka ngati nyenyezi zimene zinkadya tinyama taminga totchedwa sea urchin. Tinyamato tinachuluka n'kudya zonse, ndipo kelp wa mtundu wa Nereocystis anatha kupitirira magawo 90 mwa 100. Mtundu umenewu umakhala chaka chimodzi chokha ngati chimanga, choncho chaka chilichonse umadalira kotheratu m'badwo wobisika uja.

El Niño amene anaumitsa chimanga chathu mu 2024 ndi wa mtundu womwewo wa nyengo umene unawononga nkhalango za kelp ku California mu 1982 mpaka 1983 komanso mu 1997 mpaka 1998, pamene madzi ofunda anatseka njira ya michere. Izi zinandichititsa kuona nkhani ya kelp ngati yapafupi kuposa mmene mapu amaonetsera.

Koma ku South Africa zinthu zinayenda mosiyana. Cha m'ma 2006 Ecklonia maxima anapezeka ku De Hoop, makilomita pafupifupi 70 kum'mawa kwa malire ake akale, ndipo akatswiri amagwirizanitsa zimenezi ndi kuzizira kwa madzi a m'gombe limenelo. Chomera chimene chikuthawa kwina chikufalikira kumeneko, ndipo chikutsata chinthu chimodzi chomwecho.

## Nazale ya ku Qingdao

Amene anayamba kuweta m'badwo wobisikawu mochuluka ndi a ku China. Kelp amene amadyedwa kwambiri kumeneko ndi ku Japan, Saccharina japonica, ndi wa madzi ozizira, ndipo nyanja ya ku Qingdao imamutenthera m'chilimwe. M'zaka za m'ma 1950, katswiri C. K. Tseng ndi anzake anayamba kutenga timbewu kumayambiriro kwa chilimwe, kutigwetsera pa zingwe, ndi kutilera m'nyumba za magalasi m'madzi oziziritsidwa mpaka pansi pa madigiri 10, akuchepetsa kapena kuonjezera kuwala ndi zotchinga. Nyanja ikazizira, zingwe za mbande zimapita kukamangidwa m'madzi. Mlimi wa fodya wa ku Mitundu, amene amafesa nazale mu Seputembala, kuiphimba ndi udzu, kuithirira m'mawa ndi madzulo, n'kumapungula udzuwo pang'onopang'ono mpaka mbande zitazolowera dzuwa, angaizindikire ntchito imeneyi popanda womufotokozera. Lero China ndi dziko limene limalima kelp wochuluka kuposa ena onse.

## Mwera

Ndinapita ku Mitundu mu Julayi, mphepo yozizira ikuomba ndipo anthu akuwothera dzuwa kuseri kwa nyumba. Imeneyi ndi miyezi ya mwera, ndipo pa ulendowo ndinkakumbukira kuti nyanja yathu nayo ili ndi kachitidwe kofanana ndi ka ku Benguela. Mwera ukaomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kumwera, cha ku Mangochi, madzi ozizirirapo a pansi amakwera ndi michere yawo. Tizomera toyandama timachuluka, tinyama ting'onoting'ono timatidya, ndipo usipa umene timagula pa msika wa Lilongwe umadya tinyamato. Mphepo imene imalepheretsa asodzi kulowa m'madzi ndi imene imathira feteleza m'nyanja.

Ndinawapeza amayi atakhala pa mphasa, lichero lili pa miyendo, akusankha soya. Nditawapatsa moni ndi kupereka zimene ndinawatengera, ndinati, "Amayi, funso lanu lija ndabwera ndi yankho lake." Ndinawafotokozera za timbewu tosambira, za kaulusi kakakazi ndi kakamuna, za dzira lotuluka dzuwa likangolowa, ndiponso za nyali yofiira imene imasunga mbewu osabereka. Manja awo sanasiye kusankha, koma ndinadziwa kuti akumva, chifukwa anandibweza kawiri kuti ndibwereze za mdzukulu wofanana ndi agogo ake.

Nditafika pa mpata uja wa pakati pa madigiri 18 ndi 22, anaika lichero pansi. Anandiuza kuti chaka cha dzana anasunga mbewu ya soya m'thumba m'chipinda cha malata chopanda siling'i, ndipo inakhala mmenemo Okutobala yense ndi Novembala. Pa tsiku lobzala njerezo zinali zoyera, zolimba, zopanda anankafumbwe, moti palibe amene akanazikayikira. Atabzala, zinamera apo ndi apo, mizere yambiri ili mbee. "Kutentha kunapha cha m'kati, kunja kuli bwinobwino," anatero. Kuyambira pamenepo mbewu yawo amaisunga m'nyumba yaudzu, thumba lili pa matabwa pafupi ndi pansi, kumbali imene dzuwa la madzulo siligunda.

Kenaka anafunsa kuti, "Nanga tating'onoto, madzi akapanda kuzizira, tingadikire mpaka liti?" Ndinawauza kuti m'mabotolo a akatswiri timadikira zaka, chifukwa pamakhala wotisamalira, koma pa thanthwe la m'nyanja pali nkhono ndi tinyama taminga zotidya, matope otikwirira ndi ndere zina zolanda malo, ndipo kumadzulo kwa Australia madzi anazizira koma nkhalango sinabwerere. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, natenganso lichero lawo, nandiuza kuti ndikadzabweranso ndidzatenge lipenga lija kuti akawaonetse anzawo a ku kalabu ya alimi, pakuti nawonso mbewu ya soya yawavutapo. Ndinakhala nawo pa mphasapo mpaka dzuwa linapendeka, tikuchotsa njere zosweka ndi zofota n'kuthira zabwino m'thumba loti likasungidwe m'nyumba yaudzu ija.